Bambo apezeka ndi korona koma angopatsidwa Panado, tiwamwetse mankhwala ochokera ku Joni?

"Adokotala, ine ndimakhala ku Dwangwa. Bambo anga ali ndi zaka 68, amadwala shuga komanso BP. Lachisanu lapitali anayamba kutsokomola ndi kutentha thupi, titapita nawo kuchipatala anawayeza malungo sanapezeke, korona ndi amene anapezeka. Chondidabwitsa anangotipatsa Panado nkutiuza kuti tikawasamalire kunyumba. Achimwene anga a ku Joni atabwera pa Khrisimasi anatisiyira ivermectin, akuti kumeneko aliyense akumwa. Pamsika palinso wina akugulitsa chloroquine ndi dexamethasone, akuti ndi amene amamwa mabwana ku Lilongwe. Ndiye ndasokonezeka, kodi mankhwala enieni alipo koma akutibisira ife amphawi? Nanga mankhwala oyesera amene timamva pa wailesi aja ndi ati, atatiuza kuti bambo alowe mu kafukufuku tivomere?"

Mayi, pepani ndi matenda a bambo, ndipo mwachita bwino kufunsa musanawamwetse kanthu. Mtima ukhale m'malo kaye. Anthu ambiri opezeka ndi korona amachirira kunyumba, olo achikulire amene, ndipo zoti kuchipatalako anayamba ayeza malungo ndi momwe zimayenera kukhalira, chifukwa kunyanja kuno dzinja ngati lino munthu akatentha thupi choyamba kuganizira ndi malungo basi. Koma sindikunamizani kuti palibe choopsa. Zaka 68, shuga ndi BP pamodzi, amenewo ndi odwala amene ife timawayang'anitsitsa kwambiri, nde muwerenge mpaka pansi chifukwa ndalemba zizindikiro zoti mukaziona musadikire kuti kuche.

Zoti mabwana ali ndi mankhwala awo obisika zija, kumbukirani Januwale wa 2021. Nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, anamwalira tsiku limodzi pa 12 ndi matenda omwewa. Kukanakhala kuti pali piritsi lobisika mu kabati ku Lilongwe, anthu ngati amenewo sakanalisowa. Nkhani ndi yoti matendawa anali achilendo, anayamba kumveka ku Wuhan ku China kumapeto kwa 2019, kwathu kuno anthu oyamba anapezeka nawo pa 2 Epulo 2020, pomwe kupanga mankhwala atsopano nthawi zambiri kumatenga zaka khumi kapena kuposa. Ndiye madokotala padziko lonse anatenga mankhwala akale a matenda ena nkuyamba kuwayesa kuti mwina ena agwira. Amenewo ndi ambiri mwa mankhwala oyesera amene mumamva aja. Ena anagwiradi, ambiri sanagwire, koma vuto ndi loti mbiri ya tsiku loyamba lija imafika pa WhatsApp mwachangu pamene zotsatira zenizeni zikatuluka patatha miyezi palibe amene amatumizira mnzake.

Chinthu chimodzi chimene ndikufuna mumvetse bwino ndi chakuti matendawa amayenda magawo awiri. Sabata yoyamba kachilombo kamakhala kakuswana mphuno, kukhosi ndi m'mapapo, munthu amatentha thupi, mutu, kuphwanya m'thupi, ena samva fungo. Apa chitetezo cha m'thupi chimakhala pa ntchito ndipo kwa anthu ambiri nkhani imathera pomwepa. Kwa ena ochepa, cha m'ma tsiku la 7 mpaka la 10, chitetezo chija chimapitirira muyezo nkuyamba kutupitsa mapapo a mwini wake yemwe, mpweya sulowa bwino m'magazi, munthu amayamba kubanika. Mankhwala othandiza gawo lachiwiri akhoza kuvulaza munthu amene ali m'gawo loyamba. Zili ngati feteleza, wokulitsa ali ndi nthawi yake wobereketsa alinso ndi nthawi yake, mukasokoneza ndalama mwataya ndipo mwina chimanga mwawotcha.

Ndiye tiyambe ndi dexamethasone, chifukwa pa atatu amene mwatchulawo ameneyu ndi amene akundidetsa nkhawa kwambiri pa bambo. Wogulitsayo sananame zonse, mankhwalawa amathandizadi. Ku Britain kuli kafukufuku wamkulu wotchedwa RECOVERY wotsogozedwa ndi yunivesite ya Oxford, ndipo mu Juni 2020 atayerekeza odwala oposa 6,000 anapeza kuti pa anthu amene anali pa makina opumira, dexamethasone anachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo pa amene anali pa okosijeni wamba anachepetsa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Inali nkhani yabwino zedi kwa ife chifukwa ndi mankhwala otchipa amene timakhala nawo kale m'zipatala. Koma kafukufuku yemweyo anaonetsanso kuti kwa odwala amene sankafunika okosijeni sanathandize konse, ndipo zinkaoneka ngati akuwaonjezera vuto. Chifukwa chake nchosavuta kumva, ntchito ya dexamethasone ndi kufoola chitetezo cha m'thupi. Mukamupereka sabata yoyamba mukufoola chomwe chikulimbana ndi kachilombo.

Kwa munthu wa shuga ndiye zimaposa pamenepo. Mankhwala a gulu limeneli, dexamethasone ndi mnzake prednisolone, amakweza shuga koopsa. Pa zaka zimene ndagwira ntchito m'zipatala za kuno ku Salima ndaona achikulire akubwera atanyamulidwa, akukodza pafupipafupi, pakamwa pouma, sakuzindikira abale awo, tikayeza shuga makina kungolemba kuti wakwera kupitirira pamene amatha kuwerenga, tikafunsitsa bwino abale nkuulula kuti anawagulira timapiritsi toyera pamsika ta chifuwa kapena ta nyamakazi. Amadzutsanso TB amene anagona m'thupi. Ku India chaka cha 2021 anthu masauzande ambiri amene anadwala korona anagwidwa ndi matenda a nkhungu yakuda yodya mphuno ndi maso, ndipo ambiri anali a shuga amene anamwa mankhwala amenewa mopitirira. Tikamapereka kuchipatala timapereka 6 mg patsiku osapitirira masiku 10, wodwala ali pa okosijeni, shuga tikumuyeza pafupipafupi ndipo insulin ali pafupi. Kunyumba zimenezi simungakwanitse. Chonde mayi, ameneyu musagule.

Chloroquine ife Amalawi timamudziwa bwino, achikulire amakumbukira kuwawa kwake ndi kuyabwa kuja. Dziko lathu ndi limene linali loyamba mu Africa kumusiya ngati mankhwala oyamba a malungo mu 1993 chifukwa anasiya kugwira, tinapita pa Fansidar, kenako LA mu 2007. Mbiri yake pa korona inachokera kwa dokotala wina wa ku Marseille ku France, Didier Raoult, amene mu Marichi 2020 anayesa m'bale wake wa chloroquine wotchedwa hydroxychloroquine pa odwala ochepa kwambiri, kenako Donald Trump, pulezidenti wa America panthawiyo, anayamba kumutama ndiye dziko lonse linathamangira. Atamuyesa bwinobwino pa anthu oposa 4,000 mu RECOVERY anapeza kuti sachepetsa imfa. Kafukufuku wa WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, wotchedwa Solidarity, wa odwala oposa 11,000 m'maiko 30, anapezanso chimodzimodzi mu Okutobala 2020. Kuopsa kwake ndi koti amasokoneza kagundidwe ka mtima, amatha kugwetsa shuga mwadzidzidzi kwa munthu amene akumwa kale mankhwala a shuga, ndipo mapiritsi ochepa chabe akhoza kupha mwana wamng'ono akawatola. Komanso dzifunseni, mankhwala oti m'zipatala anachoka kalekale, wapamsikayo wawatenga kuti, ndipo mkatimo muli chani.

Tsopano ivermectin wa achimwene. Achimwenewo anachita ndi chikondi ndipo zoona ku South Africa anthu anamuthamangira kwambiri mu 2021, ena mpaka kugula wa ng'ombe ndi nkhosa. Ndi mankhwala abwino zedi pa ntchito yake, amapha tinyongolotsi ta m'thupi, amachiza mphere, ndipo kuno ku Malawi akhala akugawidwa kwa zaka zambiri m'maboma monga Thyolo ndi Mwanza polimbana ndi matenda ochititsa khungu obwera ndi tintchentche ta m'mitsinje. Nkhani ya korona inayamba mu Epulo 2020 pamene akatswiri a ku Australia anaona kuti amapha kachilombo mu kambale ka mu labu. Koma mlingo umene anathira mu kambalemo ndi waukulu kwambiri moti m'magazi a munthu sungafike osamupweteka. Pambuyo pake panatuluka kafukufuku wa ku Egypt amene ankati amachepetsa imfa kwambiri, anthu ambiri anatsamira pa ameneyo, koma mu Julayi 2021 anachotsedwa anthu atapeza kuti manambala ake anali osadalirika, odwala ena analembedwa kawiri. WHO inanena mu Marichi 2021 kuti ivermectin aziperekedwa pa korona mkati mwa kafukufuku mokha. Munthu akamwa wambiri amachita chizungulire, kusanza, BP kutsika, kusokonezeka mutu, ena kukomoka. Ndipo tayang'anani pa botolo kapena paketi imene anakusiyirani, ngati pali chithunzi cha chiweto kapena ndi wamadzi wobaya, ameneyo asayandikire pakamwa pa munthu.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi ivermectin si kuopsa kwake kokha ayi, koma kuti banja likamwetsa wodwala limakhala ndi mtima woti tapereka mankhwala tiyeni tidikire agwire, nkudikira masiku atatu anayi, pofika kuchipatala mapapo atatha.

Ena ndingodutsamo mwachangu. Lopinavir ndi ritonavir, amene ndi ma ARV ena, anayesedwa osathandiza, nde asakunamizeni kuti amene ali pa ma ARV sadwala korona kapena kuti mubwereke a mnzanu. Azithromycin, amoxicillin ndi Bactrim ndi opha mabakiteriya, kachilombo ka korona sakakhudza, timapereka pokhapokha tikaona kuti pabwera chibayo cha mabakiteriya pamwamba. Chakumwa cha ku Madagascar chija chimene pulezidenti wawo Andry Rajoelina anakhazikitsa mu Epulo 2020 sichinaonetse umboni woti chimachiza, ndipo chinapangidwa ndi chomera cha artemisia chomwe ndi gwero la mankhwala amene ali mu LA, nde kumwa mwachisawawa kukhoza kuzolowetsa tizilombo ta malungo, zomwe kwa ife anthu a kunyanja lingakhale tsoka lalikulu kuposa korona amene.

Pali mbali imodzi imene kudandaula kwanu kuli ndi choonadi ndipo sindingakubisireni. Kumapeto kwa 2021 kunatuluka mapiritsi awiri opangidwira kachilombo kameneka. Wina ndi molnupiravir wa kampani ya Merck, amene Britain inavomereza mu Novembala, pa kafukufuku wake anachepetsa kugonekedwa ndi imfa ndi pafupifupi 30 pa 100 alionse ndipo mayi woyembekezera saloledwa kumwa. Wina ndi Paxlovid wa Pfizer amene America inavomereza mu Disembala, pa kafukufuku wake anachepetsa kugonekedwa ndi imfa ndi pafupifupi 88 pa 100 pakati pa anthu osabayitsa katemera amene ali pachiopsezo, bola ayambe kumwa masiku asanu oyambirira asanathe. Kunena zoona bambo anu ndi mtundu wa anthu amene mankhwala amenewa anapangidwira. Koma panthawiyo maiko olemera ndi amene anagula oyambirira, m'zipatala zathu za boma anali asanafike, ngakhale makampani onse awiri anasayina mapangano olola makampani ena kupanga otsika mtengo a maiko osauka. Ndiye sikuti achipatala ankabisa, analibe. Ndipo wina akakuonetsani paketi pamsika nkumati ndi Paxlovid, ameneyo akufuna ndalama zanu basi. Mankhwala amenewa si ogula pa kauntala, chifukwa muli ritonavir amene amakangana ndi mankhwala ambiri, amene akumwa mankhwala a TB a rifampicin sangamwe, ena a BP ndi a mafuta m'magazi amafunika kusintha mlingo, ndi impso zimafunika kuziona kaye.

Remdesivir mwina munamumvanso, ndi wa dripi, poyamba anamuyesa pa Ebola ku Congo, pa korona Solidarity inapeza mu 2020 kuti kwa odwala ogonekedwa sanachepetse imfa kwenikweni. Tocilizumab anaonetsa kuti amathandiza odwala kwambiri akaphatikizidwa ndi dexamethasone koma ndi wodula zedi. Onsewa ndi a m'chipatala.

Za kafukufuku, ine ndinganene kuti musathawe musanamve, chifukwa zonse ndakuuzanizi tazidziwa kaamba ka anthu amene anavomera kulowa. Kwathu kuno kafukufuku wathandizapo dziko lonse, mu 2011 kafukufuku wotchedwa HPTN 052 amene mabanja a ku Lilongwe ndi ku Blantyre anatenga nawo mbali anaonetsa kuti kuyamba ma ARV msanga kumachepetsa kupatsira mnzako HIV ndi 96 pa 100, ndipo katemera wa malungo anayamba kuperekedwa kwa ana kuno ku Malawi mu Epulo 2019 dziko lina lililonse lisanayambe. Mankhwala asanafike kwa odwala ambiri amayamba ayesedwa mu labu, kenako pa anthu ochepa kuona ngati sakuvulaza, kenako pa mazana, kenako pa masauzande. Pa gawo lomalizali odwala amagawidwa mwamaere, ena amalandira mankhwala atsopanowo ena chithandizo cha nthawi zonse, chifukwa popanda kuyerekeza chonchi simungadziwe ngati munthu wachira ndi mankhwala kapena akanachira yekha. Apa ndi pamene umboni wa "neba wanga anamwa nkuchira" umagwera, poti pa anthu khumi odwala korona ambiri amachira olo atangomwa madzi.

Kafukufuku weniweni mumamuzindikira chonchi. Amakufotokozerani m'Chichewa, amakupatsani chikalata choti muwerenge kapena akuwerengereni pali mboni, chonena ubwino ndi kuopsa kwake, ndipo bambo eni ake ndi amene amasayina kapena kudinda chala ngati ali bwino m'maganizo, osati ana kuwasankhira. Pachikalatapo pamakhala chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, ya NHSRC ya ku unduna wa zaumoyo kapena COMREC ya ku sukulu ya madokotala ku Blantyre, ndi nambala yoti muimbe mukadandaula, ndipo mankhwalawo amakhala odziwika ku PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno. Simulipira olo tambala. Mukakana chithandizo chanu sichisintha, mukalowa mukhoza kutuluka tsiku lililonse. Wina akati ndi mankhwala oyesera koma perekani kangachepe, kapena akukukakamizani kusayina msangamsanga, tulukani.

Tsopano zimene mungachite lero, chifukwa Panado uja si chipongwe, ndi chithandizo choyenera pa gawo limene bambo ali. Azimwa mapiritsi awiri a 500 mg pakadutsa maola 6 ngati thupi latentha kapena kuwawa, osapitirira 8 patsiku, ndipo samalani ndi mankhwala a chimfine a m'golosale chifukwa ambiri muli kale Panado mkati. Brufen ndi Indocid apewe, impso za munthu wa shuga wachikulire sizichedwa kuvulala. Mankhwala awo a shuga ndi BP asasiye, koma ngati akusanza, akutsegula m'mimba kapena sakudya, pitani nawo akawaone chifukwa mlingo umafunika kuunikanso. Madzi azimwa ambiri, phala, nsomba, ndiwo zamasamba, pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Jinja, mandimu ndi adyo palibe vuto, zimafewetsa kukhosi, bola musathire shuga kapena uchi wambiri, ndipo zakumwa zotsekemera za m'botolo ayi. Kufukiza ndi masamba a bulugamu sikupha kachilombo, kumangotsegula mphuno, ndipo ndaona anthu atapsa ndi madzi owira chifukwa cha chizungulire ali mkati mwa bulangete, nde kwa munthu wofooka ndi bwino kungosiya. Mbaula musalowetse m'chipinda chotseka. Mawindo akhale otsegula, wowasamalira akhale mmodzi ndipo azivala masiki, agogo aakazi ngati alipo agone chipinda china.

Ngati mungapeze kachipangizo kopanira pa chala koyeza mpweya m'magazi, kaya kugula ku famase kaya kubwereka, ndalama imene mukanapatsa wapamsika uja ipite kumeneko. Matendawa ali ndi khalidwe loipa loti mpweya umatha kutsika munthu akuyankhula bwinobwino osadziwa. Muziyeza m'mawa, masana ndi madzulo, chala chili chofunda, atakhala phee. Pakamaonetsa 94 kupita m'mwamba zili bwino. Pakatsika pansi pa 94 nkumakhala pomwepo pitani akawaone tsiku lomwelo, pansi pa 90 ndi changu, nyamukani nthawi yomweyo olo pakati pa usiku. Ngati kachipangizoko palibe, werengani kupuma kwawo kwa mphindi imodzi akupumula, kukamapitirira 24 yambani ulendo, kukafika 30 ndiye zavuta. Zina zoti musadikire nazo ndi kulephera kumaliza chiganizo osapumira, befu pongopita kuchimbudzi, kupweteka pachifuwa, milomo kapena zikhadabo kuda, kusokonezeka kapena kugona kosadzutsika, ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi, mkodzo kusiya kutuluka, ndi kutentha thupi kobwereranso atayamba kupeza bwino. Chomalizachi akayezenso malungo, chifukwa kusapezeka Lachisanu sikutanthauza kuti sangabwere sabata ino.

Popeza anayamba Lachisanu, masiku ofunika maso anu kwambiri ndi kuyambira pakati pa sabata ino mpaka kumayambiriro kwa sabata ya mawa. Konzeranitu lero za mayendedwe, nambala ya wagalimoto ikhale mu foni, ndalama ya mafuta ikhale pambali, chifukwa ndi mvula imeneyi msewu wa M5 sumadalirika ndipo usiku galimoto imavuta. Funsaninso kuchipatala chapafupi ngati ali ndi okosijeni, ngati alibe mudziwiretu kuti mukalowera ku chipatala chachikulu pa boma ku Nkhotakota. Popita nyamulani buku lawo lakuchipatala, mankhwala onse amene amamwa, ndi ivermectin yemweyo kuti amuone, ndipo ngati mwawamwetsa kale kanthu nenani osaopa, sitikalipa, timangofuna kudziwa chimene chili m'thupi kuti tisaonjezere cholakwika.

Achimwene a ku Joni muwauze bwinobwino kuti thandizo lawo likufunikabe, koma atumize ndalama ya kachipangizo ka pa chala, timapepala toyezera shuga ndi thiransipoti. Bambo akachira, ngati sanabayitse katemera kapena anangobaya kamodzi, mukafunse kuchipatala tsiku loyenera kuti akabaye, pamodzi ndi achikulire ena onse a pakhomopo.